Ulusi pa Bawuti

Galimoto inafera pamphambano m'mawa, ana asukulu atadzazamo tho. Sinagunde kanthu. Inangoyamba kulira kho-kho-kho ngati wina akukhoma misomali mu injini, kenako zii. Anawo anaomba m'manja poona kuti sukulu yafa. Mayi amene ankaiyendetsa, yemwenso anali mwini wake, sanaombe nawo. Kunyamula anawo ndiko kunkamudyetsa, ndipo galimoto ina analibe.

Dzuwa lisanalowe, makaniko amene anasintha oyilo wa galimotoyo anali ali m'chitokosi. Amene anamukokera kupolisi anali mwamuna wa mayi uja, bambo wa muofesi amene m'dera lawo ankangomuti a Tayi, poti tayi ankavala ngakhale pokataya zinyalala. Mlandu unali woti makanikoyo anathira oyilo wachinyengo n'kunama kuti ndi weniweni. Chaka chimenecho milandu yotere inali itachuluka ngati nsabwe, ndipo khoti linali litasiya kunyengerera. Wopezeka wolakwa ankalowa ndende, galaja yake n'kutsekedwa. Makanikoyu ankayembekezeka kukaima pamaso pa woweruza Lolemba.

Nkhaniyo inagwera Sajeni, mayi wojintcha, wosafulumira, amene ankafunsa funso limodzi kawiri ngati wogontha. Sanali wogontha ayi. Anaona kalekale kuti munthu wabodza yankho lachiwiri amaliphika mosiyana ndi loyamba.

"Ine sindine wolankhulalankhula, a Sajeni," anayamba motero a Tayi, ndipo analankhula mpaka tiyi wa Sajeni anazizira. Anafotokoza za dziko limene lawonongeka, za amisiri opanda mapepala, za akazi awo amene samva malangizo. Sajeni anangowasiya kuti mpweya uwathere.

"Oyiloyo anasintha liti?"

"Loweruka. Lachitatu galimoto yafa. Pamenepa mpaka kukaombeza?"

"Mukudziwa bwanji kuti anali wachinyengo?"

"Mboni ndili nayo, katswiri weniweni. Apongozi anga, bambo a akazi anga. Anayendetsa malole moyo wawo wonse mpaka dzina lawo linasanduka a Malole. Galimoto itangofika kuchokera kugalaja, akazi anga anasolola kachitsulo koyezera oyilo kaja kuti aone. Mdala anangogwira ndi zala ziwiri, n'kupukusa mutu. Akuti uyu si oyilo, ndi madzi."

"Anati ndi chiyani?"

"Madzi, a Sajeni. Ma-dzi. Lembani."

Sajeni analemba.

*

Makaniko anali bambo wamfupi, wa mapewa otambalala, wa manja amene sopo anawalephera kalekale. Chilowereni m'chitokosi sanatseke pakamwa, mpaka akuba njinga amene anali naye anapempha kuti awasamutse.

"Amayi, ndikulumbira! Ine oyilo wachinyengo sindinamugwirepo chibadwire!"

"Khalani pansi, achimwene. Munathira wotani?"

"Amene galimotoyo imafuna. Pachitsekero cha pa injini analembapo nambala, ndipo ine sindithira kanthu ndisanawerenge pachitsekero. Galimoto ya mayi aja ndi yamakono. Imamwa oyilo wopepuka."

"Wamadzimadzi?"

"M'maso amaoneka choncho, koma si madzi. Injini za masiku ano tinjira take ta oyilo n'tating'ono, ndodo ya machesi siingalowe. Mukathira wolemera, m'mawa kukazizira safika kumtunda msanga, zitsulo zimadyana zouma. Lole yakale ndi ina, iyi ndi ina. Khanda simulipatsa fupa chifukwa choti bambo ake amaswa mafupa."

"Umboni muli nawo?"

"Katseguleni kubuti. Zigubu zimene ndathira ndimaziboola pamimba kuti akuba asadzathiremo zawo, n'kumuikira kasitomala kubuti kuti akazione yekha. Ndiye bawuti ya pansi pa injini, yotulutsira oyilo ija, ndimaiveka kamphete katsopano ka kopa nthawi zonse. Kaoneni, amayi. Mukakapeza zina, mudzandinyonge."

Sajeni anamufunsanso zonsezo kuyambira pachiyambi. Mayankho anabwera omwewo, kungoti mokweza.

*

Galimotoyo anali ataikokera kuseri kwa polisi, pakati pa njinga zolandidwa ndi minibasi yopanda matayala. Kubuti kunalidi zigubu zopanda kanthu, zobooledwa pamimba. Nambala ya pazigubu inafanana ndi ya pachitsekero.

Mkulu wokonza magalimoto a polisi, munthu woumira mawu, analowa pansi pa galimotoyo ndi beseni. Anamasula bawuti. Sajeni anagwada movutikira kuti aone madzi aja akutuluka.

Poyamba sipanatuluke kanthu. Kenako kunatsika chinthu chakuda, cholemera, chikuyenda mwaulesi ngati uchi wa m'nyengo yozizira. Fungo lake linali la mazira owola.

"Awa ndi madzi?" anafunsa Sajeni.

"Madzi a kuti?" anayankha mkuluyo ali pansi pomwepo. "Uyu ndi oyilo wa malole akale. Wina wasakanizamo wa m'giyabokosi, fungo ilo. Kale ankatero injini ikamafuka utsi. M'kagalimoto aka ndi chiphe."

"Oyilo wachinyengo amakhala wotere?"

"Ayi. Akuba amasefa wakale n'kumusungunula kuti aoneke watsopano. Wothira uyu sanabise kanthu." Dzanja lakuda linatulukira pansi pa galimoto litagwira bawuti. "Taonaninso ichi."

Kamphete ka kopa kanalipo, katsopano ndithu. Koma m'mizere ya bawutiyo munali ulusi wosokera zovala, wobiriwira, wokulungidwa mwaluso, nsonga yake ataipisa pansi pa unzake kuti isamasuke.

Sajeni anaimirira, mawondo akudandaula. Mboni inati madzi, beseni likuti phala. Oyilo salemera yekha m'masiku owerengeka. Ndiye kapena mboni inanama, kapena pakati pa Loweruka ndi Lachitatu bawuti imeneyi inamasulidwanso ndi munthu wina. Anaikulunga m'kapepala, n'kuiponya m'thumba.

*

"Uja wa galaja? Iii, ameneyo wanditopetsa, achemwali," anatero mayi wa shopu ya masipeya, uku akukankha bokosi la mabatire ndi phazi. "Anzake amangoti ndipatseni oyilo, ndikawapatsa aliyense amapita. Iye ayi. Abwere ndi chithunzi cha chitsekero pafoni, awerenge chigubu kutsogolo, awerenge kumbuyo, aone ngati pakamwa pake sipanatsegulidwepo. Ngati akusankha mkazi! Loweruka ndinamuuza kuti wopepukayo wandithera, tenga wolemerako pang'ono, galimoto sidziwa kuwerenga. Anakana. Anakhala pabenchi apo ngati wodikira dokotala mpaka amuna anga anakamutengera kushopu yathu ina."

"Wa malole akale anagulako?"

"Wa malole akale! Ameneyo ndinasiya kugulitsa mwana wanga woyamba ali kumsana, pano ali ndi ndevu. Angamugule ndani?"

"Ndiye sanagule?"

"Achemwali, makutuwo mukawapimitse. Ndati sa-na-gu-le. Mwamumanga? Mwamanga wolakwika. Akuba enieni ali phee, ena ndimawapatsa moni m'mawa uliwonse."

Sajeni anatuluka m'shopumo mtima uli m'malo. Ankaona kuti kwatsala kungomasula munthu.

*

Anamuitanitsa makaniko kuchipinda chofunsira mafunso, momwe munali tebulo la mwendo umodzi waufupi ndi mipando iwiri yosiyana.

"Zigubu ndazipeza," anatero Sajeni. "Mayi wa shopu wakuikirani kumbuyo. Kwatsala kanthu kamodzi." Anafunyulula kapepala kaja, n'kuika bawuti patebulo. "Inu mumakulunga ulusi pabawuti?"

Makaniko anaseka. "Ulusi? Ine? Amayi, zimenezo n'zachikale, ankachita ndi a..."

Anaweramira patebulo. Anatola bawutiyo, n'kuitembenuza. Anayang'ana pamene nsonga ya ulusi inapisidwa, n'kupakhudza ndi chikhadabo. Anayang'anitsitsa nthawi yaitali kuposa imene bawuti imafuna. Kenako anaibwezera patebulo pang'onopang'ono ngati dzira.

"Lembani kuti ndine."

"Ndinu chiyani?"

"Ndinathira ndine. Oyilo wabwino uja ndinathira m'galimoto ina. Umu ndinathira zakale zimene zinali kugalaja. Ulusi ndinakulunga ndine."

"Zigubu zobooledwa zija?"

"Ndinaika kuti ndiwapusitse."

"Oyilo wa malole munamutenga kuti?"

"Ndati ndine, amayi. Lolemba ndikavomera."

"Mukudziwa kuti galaja atseka? Ana muli nawo?"

"Alipo."

"Ndafunsa kuti oyilo wa malole munamutenga kuti?"

Makaniko anangoyang'ana khoma.

Sajeni anaonapo anthu ovomera chifukwa cha mantha, ndi ena ovomera chifukwa umboni wawapanikiza pakona. Koma munthu wovomera mlandu pamene chitseko chikumutsegukira anali asanamuonepo. Bawutiyo sinamuopseze makanikoyu. Anaizindikira.

*

Nyumba ya a Tayi inali ya mpanda wa njerwa ndi geti lachitsulo. Sajeni anapeza mayi wa galimoto atakhala pakhonde, foni ikulira pamiyendo pake, iye osaiyankha. Anali makolo a ana aja, kufunsa ngati Lolemba ayambe kufuna galimoto ina.

"Makanikoyu munadziwana naye bwanji?"

"Ndi wa ababa," anayankha mayiyo motopa. "Anamutola akutsuka malole, alibe aliyense. Anamuphunzitsa kugwira sipanala, anakulira pakhomo pathu. Ine ndimamuti achimwene. N'chifukwa chake zikundiwawa, a Sajeni. Munthu woti tinkadyera mbale imodzi!"

"Galimoto imagona kuti?"

"Mumpanda muno. Geti timakhoma."

"Lamlungu inayenda?"

"Ayi. Tinapita kukaona mlamu wanga kuchipatala pa galimoto ya kuntchito kwa amuna anga. Tinachoka m'mawa, tinabwera madzulo."

"Pakhomo panatsala ndani?"

"Ababa okha. Amakhala kachipinda ka kuseriko. Koma iwo sangaigwire."

"Sangaigwire?"

Mayiyo anayang'ana kugeti, n'kutsitsa mawu ngakhale kuti amuna ake kunalibe. "Chaka chatha anamasula firiji kuti aikonze. Sinadzukenso. Amuna anga anawauza pamaso panga kuti akadzagwiranso sipanala pakhomo pano, alongedze. Ndiye angapite kuti? Amayi anatisiya, nyumba inagulitsidwa, mwana ndine ndekha. Chichokereni tsiku limenelo, ngakhale babu likapsa amangokhala mumdima kudikira."

"Achimwene anuwo lamulo limeneli amalidziwa?"

"Analipo tsikulo. Ndi amene tinawaitana kuti adzayese kudzutsa firijiyo."

Sajeni anatseka kabuku kake. Khoswe anali atakhala pamkhate, ndipo makaniko anasankha kudzimenya yekha kusiyana n'kuswa mkhatewo. Koma kuganiza si umboni. Anatsanzika, n'kutuluka pageti.

*

Moyang'anana ndi getilo, pakhonde la golosale, panali telala. Kumbuyo kwake kunali chingwe chodzaza mayunifomu a sukulu, onse obiriwira. Ataona Sajeni akuwoloka msewu, anapalasa makina mwamphamvu ngati akuthawa nawo.

"Ine sindinaone kanthu, bwana wanga," anatero, mapini ali pakamwa. "Maso anga amakhala pansingano."

"Sindinafunse kanthu."

"Ndikungonena, bwana wanga. Kuti tisatayitsane nthawi."

Sajeni anakhala pampando wa makasitomala osapemphedwa. Anamvetsera makinawo. Anali akale, utoto utasupuka, koma ankayenda mwakachetechete ngati atsopano. Pafupi ndi phazi la telalayo panali botolo lalikulu la chakumwa, lodzaza mafuta oyera, onyezimira ngati ophikira.

"Makina anuwa mumawasamala."

Apo ndiye anamugwira pofewa. Telala analavula mapini m'dzanja.

"Mwamva eti? Ngati mphaka! Chinsinsi ndi oyilo uyu. Anandipatsa a Malole Lamlungu lapitali. Anabwera m'mawa kudzapempha ulusi, pang'ono pokha, ndinawadulira wa mayunifomuwu. Masana ndikuona akubwera ndi botolo ili. Akuti tenga, a telala, uyu ndi oyilo wa makina osokera, anangosochera n'kulowa m'galimoto. Wotsala akuti anapaka mitengo ya khola la nkhuku kuti chiswe chisadye. Mdala wabwino ameneuja, samana. Manja anali bii, malaya onse..."

Anaima. Anayang'ana botolo, anayang'ana Sajeni, anayang'ana geti la a Tayi.

"Kodi ine ndalankhula chiyani?"

"Palibe," anatero Sajeni. "Maso anu amakhala pansingano. Botololi ndibwereka."

*

A Malole anali atakhala pampando kunja kwa kachipinda kawo, pafupi ndi khola la nkhuku limene mitengo yake inkanyezimira. Anali mdala wamtali, wowonda, malaya ositidwa, chipewa chili pabondo. Sajeni anawapatsa moni waulemu, anafunsana za m'thupi, kenako anawapatsira bawuti ija ndi manja awiri.

Sanadzidzimuke. Anamwetulira.

"Ntchito yanga imeneyi. Inadontha?"

"Sinadonthe, bambo."

"Singadonthe. Timphete ta kopati n'tokongoletsa chabe. Ulusi ndiye umagwira."

"Munathiramo chiyani?"

"Oyilo. Weniweni, wathupi, woti ukamugwira amakugwiranso. Ndinasunga chigubu kuchokera nthawi yanga ya malole, ndinawonjezamo wa giyabokosi pang'ono kuti alimbe. Mwana wanga amanyamula ana a eni ake, mayi. Ndikanamusiya aziyenda ndi madzi mu injini? Kungoti ndinachedwa. Madzi aja anali atadya kale zitsulo pa ulendo wochokera kugalaja." Anapukusa mutu. "Mnyamata uja ndinamuphunzitsa ndekha kuti oyilo amayesedwa ndi zala. Sindikudziwa chamulowa. Zandipweteka kwambiri, koma wolakwa ndi wolakwa."

Sajeni anawayang'ana m'maso. Anafunsanso kachiwiri monga mwa chizolowezi chake, ndipo yankho silinasinthe ngakhale pang'ono. Mdalayu sankanama. Ankakhulupirira ndi mtima wonse kuti anapulumutsa zimene zikanatha kupulumuka.

"Nanga bwanji simunanene kuti munasintha oyilo?"

A Malole anayang'ana kunyumba yaikulu. Anatembenuza chipewa pabondo.

"Munthu ukakalamba pakhomo pa eni, mayi, zabwino umachita mobisa ngati wakuba."

Kukangana ndi munthu amene wayendetsa malole moyo wake wonse n'kutaya malovu. Sajeni sanayese n'komwe. Anangoti, "Bambo, tiyeni mukaione injiniyo. Maso a katswiri akufunika."

Mdala anavala chipewa msangamsanga. Panali patapita nthawi chimuitanireni munthu kuti akaone injini.

*

Mkulu wa magalimoto a polisi anali atatsegula injiniyo pamwamba ndi pansi, zitsulo atazindandalika pa katoni. A Malole anafika ndi mawu ambiri. Anadzudzula mapulasitiki, anadzudzula mawaya, anati injini za masiku ano n'zidole. Kenako anawerama.

Zitsulo za kumtunda zinali zouma gwa, zitapsa mpaka kusintha mtundu. Mdala anazisisita ndi chala, chala chinabwerako choyera.

"Oyilo sanafike kuno," anatero.

"Sanafike," anavomera mkulu uja.

"Amadzera pati?"

Mkuluyo analoza kabowo. A Malole anapisa m'thumba, anatulutsa machesi, anayesa kulowetsa ndodo imodzi. Inakana. Anaitembenuza, inakananso. Anapita pa kasefa ka pansi kamene pampu imakokera oyilo. Kanali katatsekeka ndi phala lakuda. Anatapa ndi zala ziwiri, anapekesa, ananunkhiza. Fungo la oyilo wawo sakanalisokoneza ndi la wina.

Anatola chitsekero, n'kuchitalikitsa kumaso kuti awerenge.

"Nambala iyi analemba ndani?"

"Amene anapanga injiniyo," anayankha mkuluyo.

"Ndipo mnyamata uja anathira wa nambala yomweyi?"

Sajeni anawapatsa chigubu chobooledwa chija. Mdala anayang'ana chigubu, anayang'ana chitsekero. Anachita zimenezo kangapo, ngati nambala ina itopa n'kusintha.

"Iye akuti chiyani?" anafunsa potsiriza, mawu atachepa.

"Poyamba ankakana mpaka kusasa mawu. Ataona ulusi wanu anati ndilembe kuti ndi iye. Akuti Lolemba akavomera kukhoti. Akatero ndende ikumudikira, ndipo galaja atseka."

"Anauona ulusi?"

"Anaona mmene munapisira nsonga."

A Malole anakhala pa tayala lakutha limene linali pafupi. Manja awo akuda anali lende pakati pa mawondo.

"Ine ndilemba zimene ndapeza, bambo," anatero Sajeni. "Sindingatumize munthu kukhoti ndikudziwa kuti sanalakwe. Ndawaitana ana anu, ali m'njira. Angamve kwa ine, angamve kwa inu. Musankhe nokha."

Sipanapite nthawi, a Tayi anatulukira pakona, akazi awo ali pambuyo.

"Eya, a Sajeni, mwamaliza? Ndamva kuti wavomera. Ndinanena ine! Aa, apongozi, muli kuno? Mwachita bwino. Auzeni za madzi aja."

Mdala anaimirira. Anavula chipewa pamaso pa mkamwini wake, chinthu chimene mwana wake anali asanachionepo.

"Akamwini, injiniyi ndapha ndine. Lamlungu ndinakhetsa oyilo wabwino, n'kuthira wanga wa malole. Mnyamata uja sanalakwe kanthu. Mutulutseni."

"Ababa!" Mayi uja anagwira pakamwa. "Ababa, mwatani?"

A Tayi anakonza tayi yawo ngakhale inali bwinobwino. Anayang'ana zitsulo zakupsa pa katoni paja. Kwa nthawi yoyamba chiyambire nkhaniyi, analankhula mwachidule.

"Munamva zimene ndinanena chaka chatha."

"Bambo a ana, chonde," anatero mayiyo. "Ndi bambo anga. Galimotonso ndi yanga."

"Nyumba ndi yanga. Ndinanena pamaso pako."

Anatembenuka n'kumapita. Mayiyo anaima pakati, akuyang'ana uku ndi uku, misozi ili chuchuchu. Kenako anathamangira amuna ake kuti akawapepese m'njira.

*

Kutseka mlandu kunadya masana onse. A Tayi anachotsa dandaulo lawo. Mayi wa galimoto anakana kudandaulira bambo ake, choncho mlandu wina panalibe. Dzuwa litapendeka, Sajeni anatenga makiyi n'kukatsegula chitokosi.

"Tulukani, achimwene. Mulibe mlandu."

Makaniko sanadzuke pomwepo. "Akudziwa?"

"Onse akudziwa. Anena okha."

"Ndinakuuzani kuti mulembe kuti ndine, amayi. Chinakuvutani n'chiyani?"

"Ntchito yanga si kulemba zimene mwandiuza."

"Ndende ndikanatuluka. Galaja ndikanatsegula ina pansi pa mtengo. Iwo aja pa msinkhu umene uja ayambira pati?"

Funsolo linamuwawa Sajeni. Anagwira ntchito yake molondola, komabe mumtima sanamve kukoma kumene amamva akamasula munthu wosalakwa. Anangogwira chitseko mpaka makanikoyo anatuluka.

Pabenchi ya panja, pamene pamakhala odikira abale awo, panali a Malole. Pambali pawo panali sutikesi yakale yomangidwa ndi lamba. Kupepesa kuja sikunaphule kanthu. Mwana wawo anali atawabweretsera katunduyo pa takisi, n'kubwerera akulira kuti akayesenso.

Makaniko anaima patsogolo pawo. Mdala sanadzutse mutu.

"Ukanangonena, iwe," anatero a Malole. "Ndinakutcha wakuba pamaso pa anthu. Ukanangonena."

"Ndikananena mukanagona kuti, bambo?"

"Nanga lero ndigona kuti?"

Makaniko anawerama, anakweza sutikesi ija paphewa, n'kupatuka pang'ono kuti asiye njira.

"Tsogolani, bambo," anatero. "Kunyumba kwanga mukukudziwa."